Tadzutsa Land Cruiser yomwe inagona zaka 7, nanga zili kuseri kwa maofesi zija zikudikira chani?

Mukapeza mpata Loweruka lino, dzayendeni wapansi kuchoka padepoti mpaka kuseri kwa maofesi a boma, maso muli kumipanda. Muziwerenga galimoto zomwe zakhazikidwa pamiyala ndi pazitsa, matayala ataphwa, udzu utamera mpaka m'mabampa. Muona kuti zambiri si tima Vitz kapena tima Mira ayi. Ndi zimphona zija zokoka ndi matayala onse anayi: ma Land Cruiser, ma Hilux akale, ma Patrol, ma Land Rover. Zina nambala ya MG ikuonekabe, zina mawu oti ambulansi angofufutika ndi dzuwa. Mukalowa m'makomo, m'matchalitchi ndi m'mabwalo a mabungwe, nkhani ndi yomweyo.

Kale zimenezi sizinkatikhudza, tinkati ikatha ina ibwera. Pano zinthu zasintha. Mu Meyi 2022 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kudumpha kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Kubankiko nakonso dolayo kuti muione ndi mwayi. Amene mumakonda kusuzumira pa Be Forward musanagone mukudziwa momwe mtima umachitira mukasintha mtengo uja kupita m'makwacha, musanawerengere zoyendetsa kuchoka ku Dar es Salaam ndi msonkho wa MRA. Banja, mpingo, kopaletivu, ngakhale khonsolo imene, kugula galimoto yolimba yam'matope panopa ndi maloto. Choncho zitsulo zagona m'maudzuzi ndi chuma, ndipo mvula iliyonse ikugwa ikuchidya.

Ndikulankhula izi chifukwa kwathu tangodzutsa imodzi, ndipo zomwe ndaona m'miyezi imeneyi zandisintha maganizo.

Chomwe chinatidzidzimutsa

Malemu bambo anga aakulu anali ndi Land Cruiser yapikiapu, ya mtundu uja wa 75, injini yake 1HZ. Anaigula yogwiritsidwa kale ntchito ku bungwe lina lomwe linkatseka ofesi, ndipo ankanyamulira fodya ndi chimanga. Atatisiya mu 2017, galimotoyo inakankhidwira pansi pa mtengo wa mango, eti kwa kanthawi, podikira kuti abale agwirizane mwini wake akhala ndani. Vuto lake panthawiyo linali limodzi basi: ukapotokola kiyi, sitata inkangoti khe, khe, osazungulira. Kanthawi kaja kanakwana zaka 7.

Mu Febuluwale chaka chatha, chemwali anga omwe anali oyembekezera matenda anawayamba usiku ali kumudzi, mvula ikukhuthuka. Sienta yomwe tinatumiza inatitimira padambo, matayala akungozungulira pamodzimodzi. Wakabaza anakana, ndipo sindimuda. Titaimba kuchipatala anatiuza mwaulemu kuti ambulansi yoyenda ndi imodzi ndipo yapita ndi wodwala wina kuchipatala chachikulu. Chemwali anatuluka pangolo ya ng'ombe mpaka pamsewu wa tala, kunja kukuyera. Mulungu ndi wabwino, mayi ndi mwana ali moyo.

Patatha masiku atatu amayi aakulu anatiitana tonse pakhonde. "Ana inu, chigalimoto chili apa nkhuku zikuikiramo mazira, mwana wanga n'kumakwera ngolo usiku? Chidzutseni kapena chigulitseni, ine ndatopa n'kusesa pansi pake." Palibe anayankha. Mkangano wa zaka 7 unathera pomwepo.

Batire ikhale kaye uko

Ine ndi nzeru zanga za pa YouTube ndinabwera ndi batire yobwereka ndi kachigubu ka dizilo, ndikuti lero lomwe ilira. Mwayi wake tinali titaitana madala ena, makaniko wakale amene anaphunzira ntchito nthawi ya PVHO. Atandiona ndikumasula mawaya anati, "Mwana wanga, batireyo ika uko. Munthu wagona nthawi yaitali chonchi sumamudzutsa n'kumuuza kuti thamanga."

Iwo sanayambire n'kuinjini komwe. Anayala thumba pansi, n'kulowa kunsi ndi kahamala, kumagogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pomwe pamagwira masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka ndi dzimbiri chimangoti phu, n'kumayoyoka. Kenako anapala nambala ya pachasisi ndi ya painjini, n'kuyerekeza ndi zomwe zili mu blue book. Anandiuza kuti zinthu ziwirizi ndiye zimagamula mlandu. Chasisi ikawola kapena manambala akasiyana ndi mapepala, musataye ndalama, chifukwa mudzakonza chinthu choti sichidzaloledwa pamsewu. Yathu inapambana zonse ziwiri.

Atatero anapita kuinjini. Anachotsa mapulagi otenthetsa aja amakaniko amati ma heater, n'kuthira oyilo pang'ono m'masilinda onse 6, n'kunena kuti tionana mkuja. Atabweranso anaika sipanala yaikulu pa pule yakutsogolo n'kuyamba kupukusa ndi manja pang'onopang'ono. Injini inazungulira bwinobwino osagwira pena paliponse. Apa ndi pomwe ndinawaona akumwetulira koyamba. Injini yokhalitsa imatha kugwira dzimbiri m'kati, ndipo ukaikakamiza ndi sitata umathyola maring'i kapena kukanda masilinda, ntchito ya masiku awiri n'kusanduka yophwasula injini yonse.

Chachiwiri anasintha timing belt ngakhale inkaoneka yabwino. Lambayu ndi wa labala, amakalamba ndi zaka ngakhale galimoto isakuyenda, ndipo pa 1HZ akaduka injini ikulira, mavavu amakumana ndi mapisitoni. Kenako thanki. Titaitsitsa munatuluka madzi, dzimbiri ndi chiphalaphala chakuda chonunkha. Chikanati chilowe mu injector pump, ndiye kuti tawononga chipangizo chodula kwambiri painjini yonseyo. Tinatsuka thanki, kupemerera mapaipi, kuika fyuluta yatsopano, n'kupopa ndi kapampu kapamwamba pa fyuluta mpaka mpweya wonse utatuluka. Amene yanu ndi ya petulo musaganize kuti mwapulumuka: petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol, yemwe amakoka chinyontho, ndipo akakhalitsa amasiya utomoni womata m'njira zonse za mafuta.

Mu bokosi la fyuluta ya mpweya tinapezamo chisa cha makoswe, zitsononkho ndi nsanza. Mawaya angapo kuseri kwa dashibodi anali atatafunidwa. Mapaipi a radiyeta ukawafinya ankachita kusweka ngati chigumu chouma. Zonsezi tinasintha, pamodzi ndi oyilo ndi madzi.

Nanga sitata ija, yomwe inagoneka galimoto zaka 7? Mnyamata wokonza zamagetsi a galimoto kumsika anaitsegula, n'kusintha mabulashi ndi timakontaki tiwiri, n'kutibwezera tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ndinakhala pabenchi yake kwa kanthawi ndili chete. Zina zonse zomwe tinkalipira sizinali matenda omwe galimoto inaimira, zinali matenda obwera chifukwa choima.

Tsiku loliza, inakhosomola kawiri, kachitatu n'kugwira. Utsi unadzaza bwalo lonse, nkhuku kubalalika, ana kukuwa, amayi aakulu kululutira. Ine ndinali nditaponya kale kavidiyo pa status, mafana akuyankha kuti mawa tipite kunyanja. Madala aja anaisiya ilire mphindi zingapo akuyang'ana geji ya kutentha, kenako anazimitsa, kiyi n'kuika m'thumba mwawo.

Kulira kwa injini si chilolezo cha pamsewu

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, ndipo ndi pomwe pamafera anthu. Galimoto ikalira timaona ngati ntchito yatha, chonsecho chomwe chimapha si kukanika kuyenda, ndi kukanika kuima. Land Cruiser yopanda katundu imalemera pafupifupi matani awiri. Tangoganizani ikutsetsereka kulowera kumsika tsiku la Loweruka, mabuleki n'kulowa mpaka pansi.

Mabuleki akumbuyo anali atamatirira kumadiramu moti poikoka koyamba matayala ankangokhwekhwereza. Mafuta a mabuleki amayamwa madzi pakapita nthawi, ndipo madziwo amadya masilinda m'kati. Tinasintha marabala, mapaipi ofewa, mashuzi ndi mafuta onse, n'kukonzanso handibuleki. Kilatchi nayo inali itagwirana ndi flywheel. Kutsogolo, pa mipira ija matayala amakhoterapo, girizi anali atasakanikirana ndi oyilo wa difu n'kumachucha, kusonyeza kuti masilo atha. Ma tie rod end ankagwedera. Tinakhuthula oyilo wa giyabokisi, wa transfer ndi wa madifu onse awiri, wina anatuluka ngati tiyi wamkaka chifukwa cha madzi. Tinayesanso ma hub akutsogolo ndi kagiya kakang'ono kaja, chifukwa galimoto yotere ikapanda kukoka ndi matayala anayi, padambo paja idzatitimira ngati Sienta yomweyo.

Chomwe chinatipweteka kwambiri m'thumba ndi matayala. Mapanga ake anali akuya ngati atsopano, ndipo achimwene anga ankaumirira kuti tingopopa. Madala anatiitana n'kutionetsa ming'alu m'mbali, kenako manambala anayi omwe amakhala kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. Athu ankathera ndi 13 ndi 14. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukamagula matayala akaunjika, manambala amenewa muziwayang'ana musanatulutse ndalama.

Ndalama zinatithera kawiri. Tinkasonkha pa gulu la banja la WhatsApp, wina lero, wina mwezi ukatha. Zida zina tinakazisaka ku Biwi Triangle ku Lilongwe, zina mnzanga anatipezera ku Ndirande, ndipo msuweni wathu wa ku Johannesburg anatitumizira masilo ndi mabering'i pa basi. Ubwino wa galimoto zimenezi ndi womwewu: Toyota inayamba kupanga mtundu wa 70 mu 1984 ndipo mpaka lero ikupangabe, injini ya 1HZ ya malita 4.2 ilibe kompyuta, ndipo makaniko aliyense wodziwa dizilo amaimvetsa. Koma samalani ndi zida zachinyengo. Fyuluta ndi lamba zili m'bokosi lokongola la dzina lodziwika zilipo zambiri, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani ndithu.

Kenako mapepala, omwe anatitengera nthawi yaitali kuposa injini. Galimoto inali m'dzina la malemu, choncho panafunika zikalata zovomerezeka za chuma chamasiye tisanapite ku Road Traffic kukasintha umwini. Popeza inachokera kubungwe, tinayenera kutsimikiza kuti nkhani ya msonkho inatha bwino panthawi yomwe bambo ankagula, chifukwa galimoto zambiri za mabungwe zimalowa m'dziko muno mosalipira msonkho, ndipo zikamagulitsidwa MRA imayenera kudziwa. Pamapeto pake inshuwalansi ndi COF. Panali mnyamata wina amene anandinong'oneza kuti atha kundibweretsera COF galimoto ili kunyumba. Ndinakana. Pepala logula silimanga mabuleki, ndipo amene azikwera galimotoyi ndi amayi anga.

Nanga za boma zimafa bwanji?

Zomwe zinachitika pansi pa mango pathu ndi zomwe zikuchitika kuseri kwa maofesi, kungoti kumeneko zimathamanga. Galimoto imaima ndi kavuto kakang'ono: sitata, kilatchi, bering'i. Dalaivala amanena, kalata imalembedwa, ndalama za mwezi umenewo sizinabwere kapena zabwera zochepa, ndipo zochepazo zapita ku mafuta a yomwe ikuyenda. Sabata yachiwiri galimoto ina yafuna batire, amabwereka ya yogonayo. Mwezi wotsatira matayala awiri. Kenako alitaneta. Pofika chaka, chomwe chinkafuna tsiku limodzi kwa makaniko chasanduka chigoba, ndipo palibe amene angaloze tsiku lomwe chinafa.

Pali zifukwa zitatu zomwe ine ndikuona. Choyamba, galimoto ya aliyense ilibe mwini. Dalaivala alibe mphamvu pa ndalama, wa ndalama sakwera galimotoyo, ndipo mayi amene adzaifune usiku wa mvula sakhala nawo pamsonkhano wa bajeti. Kwathu zinalinso choncho: tonse tinkati ndi yathu, ndiye palibe anagula mabulashi a sitata.

Chachiwiri, galimoto yatsopano ili ndi mwambo. Pamakhala riboni, magule, zithunzi pa Facebook ndi zolankhula. Kusintha oyilo kulibe mwambo, palibe amajambulitsa atanyamula fyuluta. Ife ovota tili ndi gawo pamenepa, chifukwa timaombera m'manja wobweretsa chatsopano, wosamala chakale sitimudziwa n'dzina lomwe.

Chachitatu, zambiri mwa galimotozi zimabwera ngati mphatso za mapulojekiti. Pulojekiti ikatha, galimoto imatsala koma ndalama yoisamalira imapita ndi eni pulojekiti. Wolandira amasangalala ndi kiyi, osafunsa kuti sevisi yachitatu adzalipira ndani.

Pamene zinthu zavuta ndi pomwe timazikumbuka. Namondwe wa Freddy atawononga misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje mu Malichi 2023, kumene kunatsala kanjira kodutsika, zomwe zinkafika ndi thandizo ndi galimoto zamtundu womwewu. Ndipo sipafunika namondwe. Misewu yambiri yopita kumidzi yathu ndi yadothi, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi chaka chilichonse imasankha yokha galimoto yoti idutse.

Si zonse zoyenera kudzutsidwa

Ndisakunamizeni kuti chilichonse chili pamiyala chikonzedwe. Anzanga ena ananditsutsa ndipo mfundo zawo ndi zomveka. Chigalimoto chathuchi chimamwa dizilo, ndipo tonse tagonapo pamzere wa mafuta. Chilibe ma airbag, chilibe ABS, ndipo chikadzaza anthu kumbuyo n'kugubuduzika, maliro ake ndi a mudzi wonse. Ambulansi imafuna galimoto yoti siikayikitsa, osati yoti lero yayenda mawa yakana. Komanso pali zina zomwe zinadyedwa kale moti kuzikonza kungadule kuposa phindu lake.

Koma mfundo zimenezi zikungotiuza kuti pafunika kusankha, ndipo kusankhako kuchitike msanga. Yomwe chasisi ndi injini zili bwino ikonzedwe. Ngati singakhalenso ambulansi, itha kumanyamula mankhwala, katemera kapena okonza mijigo, n'kupepuza yomwe imanyamula odwala. Yomwe yatheratu igulitsidwe poyera motsata malamulo ogulitsira katundu wa boma isanathe kubedwa, ndalamayo ikakonzere inzake. Chomwe sichikumveka ndi kusachita chilichonse, chifukwa kumeneko timaluza galimoto, timaluzanso ndalama.

Chomwe ife tingachite

Sindikukutumani kuti mukakwere mipanda ya maofesi n'kumajambula, mungakagone kupolisi. Pali njira yabwino. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma, lija la Access to Information, linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Aliyense wa ife atha kulemba kalata kukhonsolo kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma lake n'kufunsa zinthu zosavuta: muli ndi galimoto zingati, zoyenda ndi zingati, zogona zinaima liti, zinaima ndi vuto lanji, makaniko anati kukonza n'ndalama zingati, ndipo mwaganiza zotani. Mafunso omwewa mufunseni khansala wanu, mufunsenso phungu akamabwera kudzakamba za CDF. Mayankho akabwera ndiye tiwaike pa Facebook, tikambirane ndi manambala m'manja.

Tipemphenso kuti pakhale lamulo lapakhonsolo loti galimoto ikaima miyezi itatu, makaniko aiyeze, lipoti lilembedwe, chiganizo chipangidwe, ndipo chida chilichonse chochotsedwa pa galimoto yogona chisainidwe ndi dzina la munthu. Tilinso ndi achinyamata ophunzira umakaniko m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA amene amasowa pophunzirira. Bwanji zina mwa galimotozi osazipereka kumeneko, azikonze moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo pamodzi ndi madala ngati athu aja, nzeru zawo zisanapite nawo kumanda?

Ndipo inu amene muli nayo pakhomo yoti yaima mwezi uno, musadikire kuti ndalama zonse zikwane. Konzani kavuto kakang'onoko lero. Ngati sizitheka, chotsani batire, ikwezeni pazitsa kuti matayala apume, musasiye handibuleki yokoka, tsekani mabowo olowera makoswe, ndipo ngati ikulira muziiliza n'kuisuntha pafupipafupi.

Yathu ija tsopano ikuyenda, mapepala onse ali pagalasi. Kiyi amasunga amayi aakulu, pamodzi ndi kope momwe timalemba tsiku losintha oyilo ndi ndalama iliyonse yomwe yalowa. Tinagwirizana kuti pa ulendo uliwonse wa hayala, gawo lina lizipita m'thumba la sevisi lomwe palibe amaligwira, ngakhale pa maliro. Nambala ya dalaivala tinaipereka kwa amfumu ndi kwa alangizi a zaumoyo a kumudzi kuja, kuti usiku wina zikavuta asadzayambe n'kusaka ng'ombe.

Kalata yanga yopita kukhonsolo ndalemba kale, ndikaipereka Lolemba m'mawa ndipo ndikapempha kuti andidindire kope langa. Ikakhala imodzi itha kugona mudirowa ngati galimoto zomwezo. Mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo, aise, lembani yanu.